Tifunseni za Magemu: Kodi Dishonored 2 chokoma chake chili pati?

Mwezi uno mafunso ambiri abwera pa magemu ozemba, aja oti ntchito yako ndi kulowa malo osaonedwa n'kutulukamo osamveka, ndie ndasankhapo asanu omwe akukhudza gemu imodzi, Dishonored 2. Funso loyamba ndalitalikitsa dala chifukwa ndi lomwe anthu amandifunsa kawirikawiri olo tikakumana pa msewu.

Achimwene, ndinagula disiki ya Dishonored 2 ya PS4 kwa mnzanga wina, iye amangoitama kuti ndi yobeba koma ine ndayesa katatu konse ikungondibowa. Ndikangotuluka panja alonda andiona, andithamangitsa, andipha, ndiyambirenso andiphanso. Ine ndinazolowera FIFA ndi Call of Duty komwe umangolowa zinthu zayamba pompo. Kodi gemu yongokhalira kubisala kuseri kwa mabokosi chokoma chake chili pati? Ndigulitse? (Mnyamata wa ku Ndirande)

Mphwanga usagulitse kaye disikiyo. Vuto lako ndaliona kale, ukusewera gemuyi ndi miyendo pomwe iyo imafuna maso ndi makutu. Mu Call of Duty ukaona mdani chala chimathamangira chokha pa batani loombera ndipo thupi linazolowera choncho, kuno ukaona mlonda chinthu choyamba ndi kuima. Ingoima basi. Umuone akulowera kuti, akatembenukira pati, akaima amayang'ana mbali iti, mnzake ali patali bwanji.

Unasewerapo chibisalirano mwezi ukuwala? Ine ndimakumbukira bwinobwino kwa agogo nthawi ya holide, kukoma kwake sikunali pa kuthamanga ayi, kunali pa kanthawi kaja uli chigwadire kuseri kwa nkhokwe, wofunafuna uja wafika pafupi moti ukumva mapesi akuphwanyika pansi pa mapazi ake, iwe wagwira mpweya mtima ukungoti thi thi thi, kenako wapitirira osakuona. Magemu ozemba chomwe amagulitsa ndi kanthawi kameneko. Ndie ukamathamanga ukudumpha chinthu chomwe unalipirira ndalama.

Komanso ndikuganiza kuti ukukanirira pa mishoni yoyamba, ija yothawa mu mzinda wa Dunwall ufumu utangolandidwa. Imeneyo imagwetsa ulesi anthu ambiri chifukwa umakhala ulibe mphamvu zodabwitsa zija olo imodzi, ndiwe ndi lupanga lako basi. Usadutse pakati pa msewu. Yang'ana m'mwamba, pali makonde, mapaipi, madenga, mazenera otsekula, ndipo pafupifupi paliponse mu gemuyi njira ya m'mwamba ilipo. Yenda chowerama kuti mapazi asamveke. Chitseko usangochitsekula, suzumira kaye pa kabowo ka kiyi. Mlonda akayamba kukukayikira pamabwera kachizindikiro pa iye komwe kamadzaza pang'onopang'ono, kasanafiire uli ndi mpata wobwerera kuseri. Botolo lomwe lili pansi ukaliponya uko iye amapita kukaona chalira n'chani, iwe n'kudutsa. Ukangofika pa sitima n'kugona, ndi pomwe munthu wa maso akuda uja otchedwa Outsider amakupatsa chizindikiro pa dzanja, ndipo gemu yeniyeni imayambira pamenepo.

Tsopano chomwe anthu amaikondera yachiwiriyi. Dishonored yoyamba inatuluka mu 2012, yopangidwa ndi Arkane Studios, kampani yomwe inayambira mu mzinda wa Lyon ku France mu 1999. Inali yabwino kwambiri koma inali ndi kachilema kamodzi, inkakulimbikitsa kuti usaphe anthu pomwe zida zambiri zomwe inkakupatsa zinali zophera. Wofuna kuyenda manja oyera ankangokhala ndi zinthu ziwiri, kukanyanga mlonda pakhosi kuchokera kumbuyo mpakana akomoke, kapena kumulasa ndi muvi wogonetsa tulo. Yachiwiri itatuluka mu November 2016 anakonza zimenezi, pano utha kumudumphira kuchokera pa denga n'kumukomola osamupha, olo ndewu yayamba kale utha kutchinga lupanga lake n'kumugwira pakhosi. Alonda nawonso anachenjera, amayang'ana m'mwamba kuposa kale ndipo amazindikira kuti mnzawo palibe pamalo pake. Ndie kwa munthu yemwe anaphunzira kudekha mu gemu yoyamba, yachiwiriyi ili ngati kubwerera kwa mphunzitsi yemwe pano akukukhulupirira, wakupatsa makiyi a nyumba yonse.

Malo anasinthanso. Dunwall unali mzinda wozizira, wa mdima, wa mliri wa makoswe, anautengera ku London ndi Edinburgh. Pano nkhani yambiri ikuchitikira ku Karnaca, mzinda wa m'mbali mwa nyanja wotentha, dzuwa lili phwee, nyumba zake ngati za kumwera kwa Ulaya. Ukangotsika pa doko umapeza asodzi akutumbula namgumi, magazi akuyenderera mu ngalande, anthu akucheza za mavuto awo osakulabadira. Kutsogolo kuli mpanda wa magetsi womwe umapsereza aliyense wosaloledwa mpakana phulusa. Apa ndi pomwe ndinaikondera gemuyi. Mpanda umenewu utha kuuzimitsa poyimitsa chimphero chomwe chimaupatsa mphamvu, utha kuudutsa pamwamba, kapena kulowa m'nyumba ina yotsekedwa yomwe mwadzaza tizilombo touluka tokhala ngati mavu, timaikira mazira m'mitembo, ukayenda mofulumira pafupi ndi zisa zake timalusa. Palibe yemwe amakuuza njira yolondola. Umasankha wekha, ndipo mnzako yemwe anakugulitsa disikiyo ukamufunsa upeza kuti iye anadutsira kwina.

Koma chomwe anthu amaitchulira gemuyi mpakana lero ndi mishoni yachinayi, nyumba ya Kirin Jindosh. Jindosh ndi katswiri wa zopangapanga, wodzikuza, ndipo nyumba yake yonse ndi makina. Ukakoka chitsulo china pa khoma chipinda chomwe waimamo chimasintha pamaso pako, makoma akupindika, pansi pakutsika, masitepe akutulukira pomwe panalibe, mipando ikulowa pansi ina ikutuluka. Iye akangodziwa kuti walowa amayamba kukulankhula pa masipika, kukutsata chipinda ndi chipinda, n'kukutumizira asilikali ake a makina, zimphona zazitali za malupanga anayi zomwe zimaona kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ulendo woyamba umangoyenda momwe iye akufunira, ngati khoswe mu msampha. Kenako tsiku lina umazindikira kuti nthawi yomwe makoma akusunthayo pamatseguka kampata, ukalowa pamenepo umapezeka kuseri kwa chipinda, m'kati mwa makinawo, momwe muli fumbi ndi zingwe ndi mawilo, komwe mwini nyumba sanakonze kuti mlendo afikeko. Ine tsiku lomwe ndinalowa m'kampata kameneko ndinaika kontrola pansi kaye. Ndipo pali zoposa apo, ukaswa denga la magalasi la chipinda choyambirira osakoka chitsulo chilichonse, utha kuyenda mpakana kukamupeza Jindosh mu labotale yake iye asakudziwa n'komwe kuti m'nyumba muli munthu. Nyumba imodzi, koma anthu amaibwereza kasanu kakhumi.

Ina ndi mishoni yachisanu ndi chiwiri, nyumba ya Aramis Stilton, mkulu wa migodi ya siliva yemwe mutu unasokonekera. M'menemo mphamvu zako zonse sizigwira, m'malo mwake umapatsidwa kachipangizo kokhala ngati wotchi kokhala ndi timagalasi. Ukatambasula timagalasito umaona nyumba yomweyo zaka zitatu zapitazo, ili yowala, alonda ali mbwee, pomwe iwe waima mu bwinja. Ukadina batani umalowa m'nthawi yakaleyo. Ndie umayenda mu bwinja uku ukusuzumira kale, kudikira mlonda atembenuke, kulowa, kumugwira, kubwerera lero. Zomwe wachita kale zimasintha za lero. Sindikuuza zonse, koma ukasamala pa zomwe uchite naye Stilton usiku umenewo, pobwerera ku sitima umuyang'anitsitse Meagan Foster, mayi woyendetsa sitimayo.

Ndie yesanso mphwanga, koma ulendo uno dzipatse lamulo loti pa mphindi imodzi yoyamba pamalo atsopano sukhudza chida chilichonse. Ndipo akakuona usathamangire kuyambiranso, thawa, kwera pa denga, bisala, adzatopa okha kukufuna. Pena kuthawako ndi komwe kumakoma kuposa pulani yomwe unali nayo.

Ankolo, ine yoyamba sindinasewerepo. Kodi ndimva nkhani yake ndikangoyambira pa yachiwiri? Komanso poyamba pomwepo ikundiuza ndisankhe Emily kapena Corvo, ndakhala pa sikirini imeneyi masiku awiri. (Mtsikana wa ku koleji, Zomba)

Mumva asisi, musadandaule. Mwachidule nkhani yake ndi iyi, mu gemu yoyamba Corvo Attano anali mlonda wamkulu wa mfumukazi Jessamine Kaldwin, mfumukaziyo inaphedwa iye akuona, mlandu anamukankhira iyeyo, ndipo mwana wa mfumukazi, Emily, anabedwa. Gemu yonse ndi Corvo kufunafuna mwanayo, yemwe ndi mwana wakenso. Yachiwiri ikuyamba patapita zaka 15, Emily wakula ali pa mpando, kenako pa tsiku lokumbukira imfa ya mayi ake pakutulukira mfiti ina Delilah yomwe ikuti ndi m'bale wake wa Jessamine, mothandizidwa ndi Duke Luca Abele wa ku Serkonos, chilumba chomwe kuli Karnaca, n'kulanda ufumu. Yemwe simunamusankhe pa sikirini imeneyo amasandutsidwa mwala, winayo amathawa.

Ine ndimati yambani ndi Emily, ndipo sindikayika. Nkhaniyi ndi yake. Ndi mtsikana yemwe wakulira m'nyumba yachifumu, ufumu ankaupepusa, pano kwa nthawi yoyamba akuyenda wapansi m'makwalala a dziko lomwe ankalilamulira, akuona anthu a ku migodi akutsokomola fumbi, asilikali akuzunza anthu wamba, zonsezi zinkachitika iye ali pa mpando. Mumamumva akulankhula yekha akaona zinthuzi ndipo mumaona kuti zikumukhudza. Kwa ife omwe tinasewera yoyamba pali china chomwe chimagwira mtima, kamwana komwe tinkakapulumutsa, kankajambula zithunzi n'kutisiyira, pano ndi komwe tili m'thupi mwake. Chimenechi gemu yoyamba ya mndandanda uliwonse singakupatseni, chimafuna kuti zaka zidutse.

Mphamvu zakenso ndi zatsopano. Yomwe ndimaikonda ndi Domino, mumalumikiza alonda awiri, mukaikulitsa mpakana anayi, ndie chomwe chachitikira mmodzi chimachitikira onse, muvi umodzi wa tulo anthu anayi phii nthawi imodzi. Ali ndi Far Reach yodzikokera pa denga kapena kukoka chinthu chapatali, ali ndi ina yosanduka chithunzithunzi chokwawa pansi, ina yopanga munthu wofanana naye kuti alonda athamangitse ameneyo. Corvo ali ndi zake zakale zija, Blink yodumpha malo m'kuphethira kwa diso, kuimitsa nthawi, kulowa m'thupi la khoswe kapena la munthu. Kunena zoona Blink ndi yosavuta kuigwiritsa ntchito pozemba kuposa Far Reach chifukwa ndi Far Reach amatha kukuonani mukuuluka, koma Corvo musungeni ulendo wachiwiri. Mu yoyamba iye sankalankhula n'komwe, muno anamupatsa mawu, ndipo yemwe amamulankhulira ndi Stephen Russell, yemweyo anali Garrett mu Thief ya 1998, gemu yomwe anthu a ku Arkane anaphunzirako zambiri. Omwe anakulira pa Thief atamva mawuwo anadziwa pompo kuti ndi ulemu ukuperekedwa.

Pali njira yachitatu, kukana chizindikiro cha Outsider n'kusewera gemu yonse opanda mphamvu. Imatheka ndithu, malo onse anawakonza kuti atheke choncho, koma imeneyo si ya ulendo woyamba.

Yoyamba mukaipeza yotchipa idzasewereni, makamaka zowonjezera zake ziwiri za Daud, munthu yemwe anapha mfumukazi Jessamine, chifukwa Delilah anayambira kumeneko.

Bambo olemba, ine ndine mayi wa ana atatu. Mwana wanga wa zaka 13 wabwereka gemu imeneyi kwa msuweni wake, tsiku lina ndinalowa pa balaza ndinaona akubaya munthu pakhosi magazi ali thoo, ndinazimitsa TV. Iye akuti sindikumvetsa, akuti gemuyo imaphunzitsa kusapha. Akundinamiza? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

Mayi, munachita bwino kufunsa, ndipo ndikuyankhani mosabisa olo gemuyi ndimaikonda. Tengani kabokosi ka disikiyo muone pakona, mupeza nambala 18 kapena chilembo M. Limenelo ndi chenjezo la mabungwe omwe amaunika magemu ku Ulaya ndi ku America, kuti iyi ndi ya akuluakulu. Zomwe munaonazo zilimo ndithu ndipo pali zoposa apo, mitu ndi manja kuduka, mitembo kudyedwa ndi makoswe. Mulinso afiti, miyambo ya mizimu, ndi munthu wa ku dziko la mizimu yemwe amapereka mphamvu, ndie ngati pakhomo panu zimenezi mumaziona mwa mtundu wina ndi bwino mudziwiretu. Kwa mwana wa zaka 13 ine ndikuti ayi, adikire.

Koma mwanayo sakukunamizani kwenikweni. Gemuyi itha kumalizidwa kuyambira poyamba mpakana pamapeto osapha munthu olo mmodzi, ndipo imawerengera. Ukapha kwambiri mzinda umaipiraipira, mitembo ikachuluka tizilombo tija timachulukanso, anthu omwe uli nawo pa sitima amayamba kukulankhula mouma, ndipo mathero ake amakhala a mdima. Ukasunga miyoyo mathero amakhala ena. Imasamala mpakana pa tinthu ting'onoting'ono, mlonda yemwe wamukomola ukamusiya poti agwera m'madzi kapena pomwe pali makoswe n'kufa, imfa imeneyo imalembedwa pa iwe, ndie umapezeka wanyamula mdani wako pa phewa kukamugoneka pabwino. Umakhalanso ndi mtima wa malemu Jessamine m'manja, ukaulozetsa kwa munthu umakunong'oneza chinsinsi chake, uyu amasamala mayi ake odwala, uyu anachita zoipa kwa mnzake, ndipo ukamva zimenezo dzanja limalemera.

Komabe pali chinthu chomwe chimandichititsa kuumirira kuti ndi ya akuluakulu, ndipo si magazi okha. Njira zina zosapha ndi zowawa kuposa kupha. Jindosh uja ukafuna kumusiya wamoyo umamukhazika pa mpando wake womwe wa magetsi n'kumuwotcha ubongo, munthu yemwe moyo wake wonse unali nzeru amatsala osatha kukumbukira mawu wamba, akuyesa kulankhula zikumuthawa. Gemu imakulembera kuti sunaphe. Koma ine nditachita zimenezi ndinakhala nazo m'mutu masiku angapo, kudzifunsa ngati chinalidi chifundo. Funso lotere munthu wamkulu amatha kulisenza, mwana wa zaka 13 amangoona kuti wawina.

Musangomulanda n'kusiya pomwepo mayi, chomwe wakonda m'gemuyi mwina ndi kuchenjera kwake, ndipo magemu otere a msinkhu wake alipo. Pali Untitled Goose Game ya 2019, umakhala tsekwe wovuta yemwe amazembera anthu a m'mudzi kuwabera zipewa ndi makiyi, mulibe magazi olo dontho ndipo mutha kuseka naye limodzi. Palinso Sly 2 yakale ya 2004, ya zidole. Pa PS4 pomwepo pali malo otchera msinkhu wa magemu omwe angatseguke, muuzeni msuweni wakeyo akuthandizeni kutchera inu mukuona, nambala yachinsinsi musunge nokha.

Bigi, laputopu yanga ili ndi 4GB RAM, ndi ya ku ofesi wamba. Iyenda? Nanga magetsi akumathimathimawa sinditaya zonse? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

Pa laputopu imeneyo ayi achimwene, musawononge bandulo. Opanga anati pamafunika 8GB RAM kuyambira, khadi la zithunzi la mtundu wa GTX 660 kapena kuposa, ndi malo okwana 60GB, ndipo gemuyi itangotuluka inkavuta olo pa makompyuta amphamvu mpakana anaikonza pambuyo pake. Yoyamba ya 2012 ndi yopepuka kwambiri, yesani imeneyo mutatsitsa zithunzi. Apo ayi Mark of the Ninja, ya 2012 yomwe, imaonekera cham'mbali ngati katuni koma ndi gemu yozemba yeniyeni, phokoso lililonse mumaliona ngati kabwalo kakufalikira. Za magetsi, Dishonored zonse ziwiri zimalola kuseva nthawi iliyonse pomwe simuli pa ndewu, ndie zolowerani kuseva musanalowe chipinda chatsopano, ndipo muzisinthasintha malo osevera awiri kapena atatu kuti limodzi likawonongeka ena atsale. Intaneti siifunika posewera.

Achimwene, ine ndili kuno ku Johannesburg, ndimagwira ntchito ya ulonda usiku ndie masana ndimasewera. Dishonored 2 ndaimaliza kawiri, ulendo wachiwiri osaonedwa ndi munthu. Pano ndikumva ngati ndaferedwa. Nditsate iti? Komanso mnzanga akuti magemu achiwiri nthawi zonse amangobwereza zakale kuti adye ndalama, inu mukuti bwanji? (M'bale wanu wa kwa Jali, pano ku Joni)

Achimwene kumaliza osaonedwa si masewera, ulemu wanu. Yambani ndi Death of the Outsider ya 2017, ndi yaifupi, mumasewera ngati Meagan uja pa dzina lake lenileni Billie Lurk, muli mishoni ya kuba mu banki yomwe ili pa mlingo womwewo wa nyumba ya Jindosh, mutha kugonetsa banki yonse musanalowe. Kenako ngati simunayese, mu Dishonored 2 momwemo anawonjezera New Game Plus momwe mumasakaniza mphamvu za Emily ndi za Corvo. Anthu a ku Lyon atatha apo anapanga Deathloop ya 2021, yomwe ananena okha kuti ikuchitikira m'dziko lomwelo kutsogolo kwake. Microsoft inagula kampani yomwe ili pamwamba pa Arkane mu 2021, mu December 2023 a ku Lyon analengeza gemu ya Blade, ndipo mu May 2024 nthambi ya Arkane ya ku Austin ku America inatsekedwa, nkhani yomwe inatipweteka ambiri chifukwa anthu a kumeneko anali pakati pa omwe anapanga Dishonored yoyamba.

Zomwe akunena mnzanuzo pa magemu ena ndi zoona, koma pa magemu ozemba ine ndimaona mosiyana, ndipo chifukwa chake chilipo. Gemu yozemba imadalira zinthu zovuta kupanga, mlonda aziona ngati munthu, azimva ngati munthu, azikayika, aziiwala pa nthawi yake, ndipo wosewera azimvetsa chifukwa chomwe waonedwera. Gemu yoyamba mphamvu zambiri zimathera pomanga zimenezi. Pofika yachiwiri maziko alipo kale, ndie nthawi yonse imapita pa kumanga malo, ndipo m'magemu awa malo ndiye gemu. Onani Thief II ya 2000, anachepetsa zilombo ndi mizukwa za mu yoyamba n'kukupatsani zomwe anthu ankafuna, nyumba za anthu olemera, banki, madenga a mzinda. Onani Splinter Cell, inayamba mu 2002 koma yomwe anthu amailirabe ndi yachitatu, Chaos Theory ya 2005.

Kwa inu ndikuti tengani Hitman 2 ya 2018, ya IO Interactive ya ku Copenhagen. Kuzemba kwake ndi kwina, simubisala mu mdima koma pagulu, mumavala yunifolomu ya wophika kapena makaniki n'kudutsa pa geti mlonda akukupatsani moni, kungoti pali ena omwe amadziwa nkhope za anzawo onse ndipo amenewo muziwalambalala. Mishoni ya ku Miami pa mpikisano wa magalimoto ndi ya ku Mumbai m'makwalala odzaza anthu mutha kukhala nazo mwezi wathunthu. Kuyambira 2023 magemu atatu a Hitman atsopanowa anawaphatikiza pansi pa dzina la World of Assassination, ndie pogula onetsetsani kuti mukutenga yomwe ili ndi malo onse.

Ndipo muuzeni mnzanuyo za Metal Gear Solid 2. Hideo Kojima anayamba Metal Gear mu 1987 pa kompyuta ya MSX2 yomwe sinkatha kuonetsa adani ndi zipolopolo zambiri nthawi imodzi, ndie m'malo mwa gemu yomenyana anapanga yopewa adani. Metal Gear Solid ya 1998 pa PlayStation inatchuka dziko lonse, aliyense akudikira kudzaseweranso ngati Solid Snake. Yachiwiri itatuluka mu 2001 anthu anasewera ngati Snake pa gawo loyamba lokha la pa sitima, kenako gemu yonse yotsala anapatsidwa mnyamata wina watsopano, Raiden, zomwe Kojima anabisa dala m'zotsatsa zonse. Anthu anakwiya koopsa. Koma nkhani yake inali ya mabodza ofala pa intaneti ndi ya ndani amasankha zomwe anthu aziwerenga, mu 2001, Facebook kulibe, ndipo lero ambiri omwe anakwiya aja amaibwerera ndi ulemu. Imeneyo si gemu yobwereza zakale kuti idye ndalama. Ilipo pa makina a lero mu Master Collection ya 2023 pamodzi ndi yachitatu ya 2004 ya m'nkhalango, yomwe anaipanganso mwatsopano mu 2025 pa dzina la Metal Gear Solid Delta. Mabatani ake a Metal Gear Solid 2 ndi akale, masiku awiri oyamba zala zikana, piriranibe mpakana mufike pa Big Shell, malo omwe gawo la Raiden limachitikira.

Mukayamba Hitman mudzatilembere, ndikufuna kumva kwa munthu yemwe ulonda ndi ntchito yake ngati alonda a pa geti la ku Miami akuima moyenera.